Katapila adikire kaye, chosemacho chibwere pomaliza

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, ndalifupikitsa pang'ono: "Tagula ploti ya ekala imodzi njira ya ku Bunda. Pali misuku 7, chimwala chachikulu chakumtunda, chulu, ndi kangalande komwe madzi amadutsa dzinja. Omanga akuti tibweretse katapila asalaze zonse kenako tiyale pevingi ndi kapinga. Ine ndikufuna malo ooneka achilengedwe ndipo ndimalakalaka nditaikapo chosema, koma bambo akunyumba akuti anthu aziti tikusunga mafano. Ndiyambire pati?"

Mayi, zikomo polemba musanalipire katapilayo, chifukwa ambiri amandifunsa atasalaza kale, ploti yonse ili mbee ngati bwalo la mpira, ndiye nkumati tibzale chani kuti pakhale mthunzi. Inuyo mthunzi muli nawo kale, mwala muli nawo, njira ya madzi ilipo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, amatero akuluakulu. Zinthu zomwe omangawo akufuna achotse tsiku limodzi ndi zomwe anthu ena amalipira ndalama zambiri kuti abweretse pa lole, ndipo olo abweretse sizimaoneka ngati zinabadwira pompo.

Omangawo sindikuwanena zoipa ayi. Kwa iwo malo osalala ndi osavuta kuyeza, lole ya mchenga imafika paliponse, ntchito imathamanga. Koma iwo akamaliza amapita, otsala ndi fumbi la Okutobala ndi bilu ya madzi ndi inu. Ndiye awuzeni asalaze pokhapo pomwe pakhale nyumba ndi kanjira kolowera galimoto, kwinako asakhudze.

Ngati nkotheka, dzinja limodzi lidutse musanaganize za duwa ngakhale limodzi. Mvula ikamagwa yamphamvu ija ya Januwale, tengani ambulera mupite mukaime pa ploti, muone madzi akuchokera kuti, akuthamanga pati, akudikha pati, muzikhoma tizikhomo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Madzi ndi amene amajambula mapulani a malo, ife timangotsatira. Tawerengerani nokha, mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Lilongwe imalandira mamilimita 800 kapena kupitirirako pang'ono pa chaka, ndiye denga la masikweya mita 150 limagwetsa malita 120,000, ndipo pa ekala yonse ndi malita opitirira 3 miliyoni. Mukayala pevingi paliponse madzi onsewo alibe kolowera, amatuluka pa geti ali ndi ukali nkukakumba msewu ndi ploti ya aneba, kenako mu Seputembala inu nomwe mukugula madzi othirira kapinga. Zimandiwawa ndikamaziona m'ma Area atsopanowa.

Kangalande kaja musakakwirire. Kakonzeni kakhale ngati kamtsinje kouma, muyalemo miyala yomwe ituluke pokumba maziko, ikuluikulu m'mbali ing'onoing'ono pakati, ndipo pena ndi pena muike timizere ta miyala todutsa kuti madzi azipumira. M'mbali mwake vetiva, mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo imagwira dothi zolimba. Chakumtunda kumbani maswale, ngalande zogwira madzi kuti azilowa pansi, motsata akalozera monga achitira alimi ku munda, alangizi a zaulimi a kwanuko amadziwa kuyeza kwake. Chongosamala ndi chakuti madzi azilowa pansi pasanathe masiku awiri kapena atatu, chifukwa udzudzu umafuna madzi okhazikika pafupifupi sabata kuti uswane.

Tsopano misuku ija, apa pokha ndikhalitsapo. Msuku ndi mtengo wovuta kuwokera ukakula, ndipo umakula mwapang'onopang'ono, moti 7 imeneyo mukaidula simudzaionanso yotero mpaka ana anu atakula. Mizu yake imakhalira limodzi ndi bowa wa pansi, amathandizana, mtengo umapatsa bowa chakudya, bowa amathandiza mtengo kukoka madzi ndi michere, nchifukwa chake bowa wa m'tchire uja timagula m'mbali mwa msewu wa ku Dedza mu Januwale amamera pansi pa misuku ndi mitengo ya miombo, pansi pa bulugamu simungamupeze wotero. Ndiye mtengo wotere suphedwa ndi nkhwangwa yokha. Zaka zapitazo ndinkathandiza banja lina, tinagwirizana bwinobwino kuti misuku itsale, ndipo inatsaladi, palibe anaidula. Koma omanga anaunjika dothi la maziko m'tsinde mwake, ankakandira simenti pamthunzi pomwepo ndipo lole inkaima pamenepo tsiku lililonse. Chaka choyamba mitengo inkaoneka yabwino, chachiwiri nsonga zinayamba kuuma, chachitatu tinadula nkhuni. Mayi wa pa nyumbapo analira ndithu, nane ndinadziimba mlandu chifukwa sindinaike mpanda. Chiyambire pamenepo ndimanena poyambirira penipeni kuti zungulizani mtengo uliwonse ndi mpanda wa nsungwi kapena waya, kutalika kwake mpaka pomwe mthunzi umalekezera masana, mkatimo musalowe wilibala, njerwa, simenti olo moto wophikira nsima ya aganyu.

Muyang'anenso zitsa. Ploti zambiri za kumeneko zinali minda, ndipo pansi pali zitsa zamoyo za mitengo yachilengedwe zomwe chaka chilichonse zimaphukira anthu nkumasadza. Sankhani mphukira imodzi kapena ziwiri zamphamvu pa chitsa, zinazo dulani, muona kuti zikula msanga kuposa mbande ya mu chubu chifukwa mizu ndi yakale. Njira imeneyi inabwezeretsa mitengo yochuluka zedi ku Niger kuyambira m'ma 1980, ndipo siyilira ndalama.

Pali nkhani ina yomwe ndimakonda kuwauza anthu amene amaona ngati zomera zakwathu ndi tchire chabe. Roberto Burle Marx, wa ku Brazil, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri pa ntchito yokonza malo, anapita ku Berlin mu 1928 ali mnyamata kukaphunzira zojambula. Kumeneko mu munda wa zomera wa ku Dahlem anapeza zomera zokongola zikusungidwa m'nyumba zamagalasi ngati chuma, atafunsa anapeza kuti ndi za kwawo ku Brazil, zomwe anthu olemera a kwawoko ankazizula kuti abzale marozi a ku Ulaya. Atabwerera anathera moyo wake wonse akutolera zomera za m'nkhalango za kwawo nkumazibzala m'mizinda, ndipo malo ake omwe ankakhala pafupi ndi Rio de Janeiro analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2021. Ifenso ndi chimodzimodzi, jakaranda yomwe timainyadira mu Okutobala ndi ya ku South America, bulugamu ndi wa ku Australia, pomwe muwale wathu uja umachita maluwa ofiira psuu nthawi yomwe ulibe ndi tsamba lomwe timangoudutsa. Ku Kirstenbosch ku Cape Town, munda womwe unayamba mu 1913, anthu amachoka maiko akutali kukaona zomera za ku South Africa komweko basi.

Ndiye pobzala yambani ndi zakwathu. Muwale pafupi ndi mwala uja, chitimbe, mpoza, katope kumunsi konyowa, mbawa kumalire kutali ndi nyumba chifukwa imakula kwambiri, msangu ngati mukufuna kadimba chifukwa umayoyola masamba dzinja mbewu nkumaona dzuwa, chilimwe nkukhala ndi mthunzi. Mkuyu ndi kachere ndi yabwino kwa mbalame koma mizu yake imasaka madzi, isayandikire mapaipi ndi thanki ya chimbudzi. Alovera wa m'mapiri amachita maluwa nthawi yozizira ndipo timbalame tija toyamwa maluwa timabwera tokha. Lantana musabzale olo wina akupatseni ulele, imafalikira ngati moto. Kapinga akhalepo inde, koma kachigawo kochepa kutsogolo kwa khonde poti ana azisewera, kwinako musiye udzu wachilengedwe ngati tsekera uzikula m'magulumagulu, mu Meyi ndi Juni dzuwa likamalowa umawala ngati golide.

Ndikudziwa mufunsa za njoka, aliyense amafunsa. Walira mvula walira matope, malo amoyo amabwera ndi zamoyo. Chomwe timachita ndi chakuti mamita angapo kuzungulira nyumba pakhale poyera, udzu wometa, tinjira totakasuka toti mukuona pomwe mukuponda, milu ya nkhuni ndi zinyalala kutali, chifukwa chomwe chimaitana njoka kwambiri ndi makoswe. Ndipo udzu wautaliwo muzimweta mu Julayi kapena Ogasiti moto wolusa usanayambe, mulambule kanjira kuzungulira fensi yonse. Chulu nacho, ngati chili pomwe pakhale nyumba kapena pafupi kwambiri, chichoke ndipo maziko athiridwe mankhwala a chiswe, pamenepo sindinyengerera. Koma ngati chili kumapeto kwa ploti chisiyeni, dothi lake ndi lachonde, mitengo imakonda kumera m'mbali mwake, ndipo mvula yoyamba ana adzaola ngumbi.

Tibwere ku chosema chija, ndi nkhani ya bambo. Mantha awo musawapeputse, kwathu kuno mawu oti fano ndi olemera, ndipo munthu safuna kuti a mpingo azimuloza chala. Koma mukakhala pansi awiri mukambirane kuti chimene lamulo la pa Eksodo 20 likuletsa ndi kupembedza ndi kugwadira chosemacho. Pa 1 Mafumu 6 timawerenga kuti makoma a kachisi wa Solomo anasemedwa akanjedza ndi maluwa. Ku Mua Mission, malo a Kungoni omwe anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976 aphunzitsa amisiri osema ambirimbiri, ndipo ntchito zawo zili m'matchalitchi. Chiboliboli cha Kamuzu chili ku Area 18 ndipo palibe amati boma likusunga fano. Komabe pa nyumba mumakhala awiri, ngati nkhope ya munthu ikuwasowetsa mtendere sankhani mbalame, nsomba, kapena mwala wongosemedwa mokongola wosafanizira chilichonse. Chinthu chomwe mmodzi wa inu azichiyang'ana ndi mtima wokayika tsiku ndi tsiku sichingakongoletse pakhomo.

Chimodzi chokha ndikupemphani, zigoba za Gule Wamkulu musazipachike pa mtengo ngati zokongoletsa. Ndaziona m'malo ena ogona alendo ndipo sizimandisangalatsa. Zimene zija zili ndi eni ake, zili ndi mwambo wake ndi malo ake, ndipo njira ya ku Bunda mukukhala pakati pa eni mwambowo.

Kusema miyala yoika panja si zachilendo kwa ife monga ena amaganizira. Ku Zimbabwe, kumpoto kwa Harare chaku Guruve, kuli mudzi wa amisiri wotchedwa Tengenenge. Unali esiteti ya fodya ya Tom Blomefield, ndiye malonda a fodya atasokonekera chifukwa cha zilango zomwe maiko anaikira Rhodesia, dzina lakale la Zimbabwe, mu 1966 iye ndi antchito ake anayamba kusema mwala wa serpentine womwe unali pa phiri la pa esiteti pomwepo. Ambiri mwa antchitowo anali anthu obwera, Achewa ndi Ayao ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anthu athu omwe anapita kukasaka ganyu. Mmodzi mwa otchuka, Fanizani Akuda, anali Mchewa wobadwira ku Zambia, ndipo nkhope zake zomwetulira za maso otsinzina zinafika m'maiko ambiri. Chomwe ndikufuna muone apa ndi momwe amaikira ntchito zawo, panja, pansi pa mitengo ya miombo, pa tizitsa ndi pa miyala, masamba akugwerapo, mvula ikuwanyowetsa. Mwala unachokera m'phiri lomwelo ndiye sukangana ndi malowo. Ku Chapungu, munda wa zosema wa ku Harare, ndi chimodzimodzi, ngakhale ku Kirstenbosch komwe kuja miyala yosema ya ku Zimbabwe ili pakati pa zomera.

Nanga chosema chimagwira ntchito yanji m'munda? Munda wachilengedwe umasinthasintha, Febuluwale wabiriwira mpaka kudzaza maso, Ogasiti wauma, Seputembala miombo yatulutsa masamba ofiira, ndiye diso limafuna chinthu chimodzi chosasuntha choti lizipumirapo, zinazo zizisintha mochizungulira. Komanso chimauza mlendo kuti udzu wautaliwu tausiya dala, pali munthu amene akusamala pano, si ulesi. Ndipo chimakoka mapazi, munthu akachiona patali mbali imodzi yokha amafuna apite akachione bwino, potero amayenda ploti yonse mpaka kukafika komwe sakanafika.

Nchifukwa chake ndimati chibwere pomaliza, ndipo chikhale chimodzi. Pa ekala imodzi chimodzi chabwino chikwanira, mwina chachiwiri chaching'ono chobisika choti munthu achipeze mwadzidzidzi. Mukaika zisanu ndi chimodzi pamaoneka ngati pamsika wa ziboliboli, chilichonse chikulimbirana maso ndi chinzake. Ndipotu chosema chanu choyamba muli nacho kale, ndi chimwala chija. Chotsani zinyalala m'mbali mwake, ndere zomera pamwalapo musazipale ndipo chonde musachipake laimu kapena penti yoyera. Chosema chogula chisakaime pamwamba pake kapena kupikisana nacho, chipambana ndi chimwalacho basi. Chiikeni kwina koti munthu ataima pa khonde aziona mwala mbali iyi, chosema mbali iyo, ngati zikuyankhulana.

Kapezedwe ka malo ake nkosavuta. Mukakhala m'nyumbamo miyezi ingapo mudzaona kuti pali pomwe maso anu amakagwera nthawi zonse mukamamwa tiyi pa khonde kapena mukamatsuka mbale pa windo la kukhitchini, mwina pomwe kanjira kakhotera, mwina pakati pa misuku iwiri. Tengani mtondo wakale kapena katoni ya msinkhu womwe mukuganiza, ikani pamenepo, isiyeni sabata, muziyiona m'mawa, masana, madzulo, kenako isuntheni muyese pena. Mupeza kuti panja pamameza zinthu, chomwe chimaoneka chachikulu mu shopu chikafika pansi pa mtengo chimachepa, ndiye ambiri amagula chaching'ono kwambiri. Muonenso dzuwa. La masana la pamutu limafafaniza zonse, koma la m'mawa ndi la madzulo lobwera chammbali ndi lomwe limaonetsa mizere yomwe mmisiri anasema. Kwathu kuno mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye nkhope yoyang'ana kummwera imakhala mumthunzi miyezi imeneyo. Kumbuyo kwake nakonso nkofunika, mwala wakuda umaoneka bwino kutsogolo kwa udzu wowala kapena khoma la njerwa zofiira, pomwe chinthu chowala chimafuna masamba obiriwira kwambiri kumbuyo.

Za chopangira. Amisiri athu ambiri ndi a mtengo, ndipo ntchito yawo ndi yapamwamba, koma mtengo panja uli ndi adani atatu, chiswe, dzuwa ndi mvula. Ngati mwakonda cha mtengo chikhale pa khonde kapena pansi pa kadenga, chisagunde dothi, chikhale pa mwala kapena pa kachitsulo kokweza, ndipo muzichipaka mafuta a linseed kamodzi kapena kawiri pa chaka, vanishi panja amasuwa nkuoneka zoipa. Mufunsenso kuti mtengowo wachokera kuti. Mphingo watha m'malo ambiri ndipo malonda ake a kunja ali pansi pa malamulo a CITES, mgwirizano wa maiko woteteza zomera ndi nyama zomwe zili pangozi yotha, kuyambira 2017, mkungudza wa ku Mulanje nawo watsala pang'ono kutheratu, ndiye si bwino kuti munda wokonda chilengedwe ukongole ndi mtengo wobedwa m'nkhalango. Mmisiri wabwino akhoza kusema chitsa kapena mtengo wogwa wokha.

Mwala ndiye mfumu ya panja. Pa miyala ya ku Zimbabwe, wotchedwa springstone ndi wolimba kwambiri ndipo umapirira, pomwe soapstone ndi wofewa moti chikhadabo chimaukanda, umenewo ndi wa m'nyumba. Kuwala kwakuda kuja kumabwera chifukwa amisiri amautenthetsa mwalawo nkuupaka phula, ndiye pakapita zaka ukazilala mumangousiya pa dzuwa utenthe, nkupaka polishi woyera wa pansi uja, nkupukuta. Zitsulo zakale zowotcherera nazo zimakhala bwino kwambiri pakati pa udzu, dzimbiri lake limagwirizana ndi dothi lathu lofiira, ndipo anyamata owotcherera m'matauni mwathumu ena ali ndi luso lodabwitsa mukawapatsa mpata, kungoti chitsulo chimafuna kuchimangirira pa konkire chifukwa ogula zitsulo zakale ndi ambiri. Mtsuko waukulu wadothi wowotcha bwino, kapena mphero yakale ya agogo yomwe mbalame zizimweramo, nazonso ndi zosema ndithu, ndipo pa zimenezi bambo sangadandaule za mafano. Madzi a mu mpheroyo muzisintha masiku awiri aliwonse.

Chilichonse cholemera chikhale pa maziko ake, kakonkire kokwiriridwa pansi kosaoneka, kolowa mpaka pa dothi lolimba, chifukwa dothi lonyowa limatitimira mbali imodzi ndipo mwala wa makilo 100 ukagwera mwana ndi ngozi yaikulu. Mazikowo musakumbe mkati mwa mizu ya misuku ija.

Mikango ya simenti ija ya pa geti, yopangidwa pa chikombole chimodzi mazanamazana, ine sindiyikonda pa malo ngati anuwa, ilibe chochita ndi mwala wanu kapena mitengo yanu. Ndalama yomweyo kapena yoonjezera pang'ono, pitani ku Mua kapena kwa mmisiri wina amene mwaona ntchito yake, mumuitane abwere adzaone ploti, ayende nanu, akhudze mwalawo, kenako aseme chinthu cha pamalopo. Mulipireni bwino osamunenerera mpaka kumufinya, ndipo dzina lake mulisunge poti alendo adzafunsa.

Loweruka likubwerali musagule kanthu. Tengani bambo, chingwe ndi nsungwi, mukazungulize misuku 7 ija ndi chimwala, mujambule mafoto mbali zonse, kenako muwaitane omangawo muwaonetse pomwe lole izidutsa ndi pomwe azikandira simenti, ndipo zimenezo zilembedwe mu mgwirizano wanu asanalandire ndalama yoyamba. Mvula ikagwa kawiri katatu munditumizire mafoto a kangalande kaja madzi akuyenda, tidzaone limodzi poika miyala.